Dzuwa la ku Dedza ndi Chigamulo cha ku Versailles

Pa 18 Novembala 2022 nthumwi za maiko zidakumana ku Versailles, m'dziko la France, pa msonkhano waukulu wa 27 woona za miyeso ndi masikelo, ndipo zidagwirizana kuti pofika chaka cha 2035 mawotchi a dziko lonse lapansi adzaleke kudikira dzuwa monga akhala akuchitira chiyambire 1972. Nkhaniyi siidamveke kwambiri kuno kwathu, ndipo sitikudabwa, pakuti m'mwezi wa Novembala munthu wa ku Dedza amakhala akuyang'ana mitambo, osati wotchi. Komabe tikuganiza kuti chigamulochi n'choyenera kuchiunika, chifukwa mkangano umene chidautsa uli ndi filosofi yambiri kuposa makina. Funso lake ndi ili: nthawi imene anthu amayendera pamodzi ichokere kuti, ndipo woiyang'anira akhale yani?

Tiyambe talongosola chimene chikuthetsedwacho. Kuyambira kale sekondi inali kachigawo ka tsiku, ndiye kuti kamodzi mwa timagawo 86,400. Koma dziko lapansi silizungulira molingana masiku onse. Mwezi umakoka madzi a m'nyanja zamchere, ndipo kukokako kumaligwira dziko ngati buleki, kotero kuti tsiku limatalika ndi magawo pafupifupi awiri mwa magawo 1,000 a sekondi pa zaka 100 zilizonse. Mphepo, madzi oundana ndiponso chitsulo chosungunuka cha m'kati mwa dziko nazo zimalifulumizitsa pena, kulichedwetsa pena. M'chaka cha 1967 akatswiri adailekanitsa sekondi ndi tsiku, nanena kuti sekondi ndi nthawi imene kuwala kwa atomu ya caesium kumanjenjemera ka 9,192,631,770. Kuyambira pamenepo padakhala mawotchi awiri: wina dziko lomwe likuzungulirali, wina atomu yosatopa. Pofuna kuti awiriwa asatayane, mu 1972 adaika lamulo lakuti kusiyana kwao kusafike pa sekondi yathunthu. Kukayandikira, ofesi ya ku Paris yoyang'anira kazunguliridwe ka dziko imalengeza kuti mphindi yomaliza ya Juni kapena ya Disembala idzakhala ndi masekondi 61. Izi zachitika ka 27. Sekondi yoonjezera yomaliza idalowa pa 31 Disembala 2016, pamene kuno wotchi idati 1:59:60 usiku wa pa 1 Januwale 2017, anthu ena ali m'mapemphero a chaka chatsopano, ena ali m'tulo.

Amene adatopa nayo sekondi imeneyi ndi anthu a makompyuta. Makina awo amayembekeza kuti mphindi iliyonse ili ndi masekondi 60, ndipo mu 2012 sekondi yoonjezera idasokoneza makompyuta ambiri, mpaka ndege za Qantas zidachedwa kunyamuka ku Australia. Kuonjezera apo, zaka zaposachedwapa dziko layamba kuzungulira mofulumirirapo, ndipo Duncan Agnew adalemba m'magazini ya Nature mu 2024 kuti cha m'ma 2029 padzafunika mwina kuchotsa sekondi m'malo moonjezera, chinthu chimene sichidayesedwepo. Dziko la Russia lidafuna kuti kusinthaku kuchedwe mpaka 2040, koma ambiri adakana. Pa mbali ya makinayi ife sitipeza chotsutsa.

Otsutsa chigamulochi ali ndi mfundo yolemera, ndipo sitiyenera kuwaseka. Iwo amati chilengere dziko anthu a mitundu yonse akhala akuwerenga nthawi poyang'ana kumwamba, ndipo tsopano, kwa nthawi yoyamba, wotchi ya boma idzakhala yosamangirira ku thambo. Pang'onopang'ono ndi mtolo: masekondi adzasanduka mphindi, mphindi zidzasanduka ola. Bambo Paul Gabor, wansembe wa chipani cha Ajezuwiti amene ndi katswiri wa zakuthambo wa ku Vatican, adakumbutsa anzake kuti kusunga nthawi kuli ndi tanthauzo la chizindikiro, osati phindu la ntchito lokha. Ena amapitirira pamenepa, nanena kuti ngati maboma ataya dzuwa, mudzi uliwonse kapena mzinda uliwonse uzisunga wokha nthawi yake ya dzuwa, monga zinaliri njanji zisanabwere. Ganizo lotsirizali ndi limene tikufuna kuliyesa, ndipo tiliyesera pa Dedza pomwe pano.

Dziko limazungulira digiri imodzi pa mphindi zinai. Nthawi ya boma ya Malawi ili patsogolo pa ya Greenwich ndi maola awiri, ndiye kuti ndi nthawi ya dzuwa ya mzere wa madigiri 30 kuvuma, umene umadutsa pafupi ndi Serenje ku Zambia. Palibe ndi malo amodzi omwe a Malawi amene ali pa mzere umenewu; dziko lonse lili kuvuma kwake. Boma la Dedza lili pa madigiri 34 ndi limodzi mwa magawo atatu a digiri. Tikawerengera, tipeza kuti dzuwa la ku Dedza lili patsogolo pa wotchi ya ku Dedza ndi mphindi 17. Ku Kachebere, kumene ambiri a ife tidaphunzirako filosofi, kusiyanaku ndi mphindi 11 kapena 12. Akatswiri a ku Versailles akhala akukangana zaka zoposa 20 pa chinthu chosakwana sekondi imodzi, pamene mlimi wa kachewere wa ku Bembeke wakhala ndi masekondi oposa 1,000 pakati pa dzuwa lake ndi wotchi yake moyo wake wonse, osadandaula. Masekondi oonjezera ataleka lero, padzapita zaka mazana angapo kuti kusiyana kwatsopano kufike pa msinkhu umenewu.

Ndipo zimenezi sizinali choncho kuyambira kale. Dziko lino lidakhalapo ndi nthawi yakeyake ya dzuwa. M'chaka cha 1911 boma la Nyasaland lidakhazikitsa nthawi ya ku Zomba, imene inali patsogolo pa ya Greenwich ndi maola awiri ndi mphindi 21, kuti ikhale nthawi ya lamulo m'dziko lonse. Mu 1925 adaisiya natenga ya maola awiri imene tili nayo lero. Choncho m'chaka chimenecho mawotchi onse adabwezedwa ndi mphindi 21 nthawi imodzi. Koma tizindikire bwino chimene chidatayikacho. Nthawi ya ku Zomba siinali ya mudzi. Inali ya bwanamkubwa, ndipo kwa munthu wa ku Dedza inali yolakwa ndi mphindi zinai. Wolirira masiku amenewo akulirira dzuwa la likulu la atsamunda.

Pano tafika pa phata la nkhani. Nthawi imene sekondi yoonjezera inkateteza si ya dzuwa limene timaotha. Dzuwa lenileni silisunga nthawi molingana, chifukwa njira ya dziko polizungulira siili yozungulira kwenikweni, ndiponso dziko ndi lopendekeka. Kuchokera pa liwombo lero kufika pa liwombo mawa, pena pamapita maola 24 ndi masekondi ena, pena osakwana. Pofuna kuti mawotchi a makina ayende bwino, akatswiri adapeka dzuwa lina loyerekeza, la m'masamu, loyenda mosafulumira ndi mosachedwa chaka chonse, ndipo nthawi ya Greenwich, ya Zomba ndi ina yonse ya mtundu umenewu imatsata dzuwa lopekali. Aliyense angathe kuziona yekha ndi ndodo yoizika pabwalo. Ku Dedza dzuwa loyerekeza limafika pa liwombo 11:43 tsiku lililonse. Koma chithunzithunzi cha ndodo chimafupikitsitsa cha m'ma 11:27 kumayambiriro a Novembala, ndipo cha m'ma 11:57 pakati pa Febuluwale. Kusiyana kwa theka la ola! Choncho mudzi umene ungadzipangire wotchi ya dzuwa loyerekeza la malo ake sudzakhala utabwerera ku dzuwa ai. Udzangosinthanitsa pangano lalikulu ndi pangano laling'ono, ndipo basi ya ku Lilongwe idzausiya.

Aristotle, m'buku lachinai la Physica, adaphunzitsa kuti nthawi ndi chiwerengero cha kuyenda kwa zinthu potsata cham'mbuyo ndi cham'tsogolo, ndipo adafunsa ngati chiwerengero chingakhalepo popanda mzimu wowerenga. Augustino Woyera, m'buku la 11 la Confessiones, adakana maganizo a munthu wina wophunzira amene ankati nthawi ndiyo kuyenda kwa dzuwa, mwezi ndi nyenyezi. Iye adati zounikira zakumwamba zitaima, koma gudumu la woumba mbiya n'kumazungulirabe, nthawi yoyezera kuzungulirako ikadakhalapo ndithu. (Chitsanzochi chikadawakomera oumba a pa Dedza.) Atomu ya caesium ndiyo gudumu la Augustino lija. Otsutsa chigamulo cha ku Versailles akulakwa akamayesa kuti dzuwa ndilo nthawi. Koma ochikonda nawonso akulakwa akamayesa kuti popeza apeza gudumu losaphonya, funso la wowerenga latha. Atomu ikhoza kutiuza kuti papita masekondi angati. Siingatiuze kuti kwacha.

M'maiko ena muli malo amene adakakamira nthawi yao. Ku Oxford belu lalikulu la koleji ya Christ Church limalira usiku uliwonse 9:05, chifukwa potsata dzuwa la kumeneko ndiye 9 koloko. Ku Bristol kuli wotchi ya manja awiri a mphindi, otalikirana ndi mphindi 10, lina la London, lina la mzindawo. Izi ndi zokongola, koma ndi zikumbutso chabe, zoonetsa alendo. Palibe amene amakwera sitima potsata dzanja lachiwirilo. Chamoyo ndi chimene abale athu a ku Tanzania amachita. Pa Chiswahili ola loyamba la tsiku ndi limene ife timati 7 koloko m'mawa, pakuti iwo amayamba kuwerenga dzuwa litatuluka. Sadapange wotchi ina ai: wotchi ndi yomweyo ya boma, koma pakamwa pao imamasuliridwa potsata kucha ndi kuda. Ife tikuona kuti nzeru ili pamenepa.

Makolo athu naonso anali ndi kawerengedwe kao, ndipo kakadalipo m'chilankhulo. Pali tambala woyamba ndi wachiwiri, pali m'bandakucha, pali dzuwa litangotuluka, dzuwa lili paliwombo, dzuwa litapendeka, nkhuku zikulowa, chisisira, ndi pakati pa usiku. Mau amenewa sagawa tsiku m'zigawo zolingana, koma amaligawa pamene moyo umaligawira: nthawi yonyamula khasu, yotsekulira ng'ombe, yobwera ku dimba, yosonkha moto. Ndipo amayenda ndi dzuwa lenileni, losowa sekondi yoonjezera, chifukwa tambala salira potsata masamu. Pambali pa mau amenewa padabwera ena: koloko, wotchi, ola. Maina a masiku amaulula okha kumene adachokera. Lolemba ndi tsiku lolembedwa ntchito, Loweruka ndi tsiku loweruka. Sabata yathu idabadwira pa esiteti ndi pa mishoni. Kuyambira pamene Ansembe Oyera adamanga ku Mua mu 1902, nakwera pambuyo pake ku Bembeke, belu la mishoni lidakhala wotchi ya midzi yozungulira, ndipo m'masukulu a kumidzi chitsulo chopachika pamtengo chidagwira ntchito yomweyo. Belu la Anjelusi la 12 koloko lakhala likulira dzuwa litapendeka kale, mu Novembala ndi theka la ola lathunthu. La 6 koloko madzulo limalira mu Juni dzuwa litalowa kale cha m'ma 5:20, koma kumapeto a Januwale limalira dzuwa likadali pamwamba pa phiri.

Pa chifukwa chimenechi sitingagwirizane kwathunthu ndi John Mbiti, amene m'buku lake la 1969, African Religions and Philosophy, adati Mwafirika ali ndi kale lalitali ndi tsopano, koma m'tsogolo mwake ndi mwamfupi. Adanena zoona poti kwathu nthawi imadziwika ndi zochitika. Koma mfundo yake adaitenga pa aneni a Chikamba ndi Chikikuyu, ndipo siikwana pa munthu amene amamanga nkhokwe, amasunga mbeu padenga la khitchini, ndipo mneni wake ali ndi "dza" wa zam'tsogolo. Sitigwirizananso ndi amene amatcha kuchedwa kulikonse "nthawi yachikuda". Mai wopita ku msika wa Bembeke ndi dengu la kabichi sachedwa. Amadzuka tambala woyamba. Maliro akamachedwa, si kuti anthu sadziwa nthawi, koma kuti akudikira adzukulu amalize kumanda ndi mwinimbumba afike, ndipo amene amanena kuti nthawi yakwana ndi mfumu. Anthu a kuno sasowa wotchi yachitatu. Ali kale ndi ziwiri, ndipo amadziwa kuti ya chipatala, ya mayeso ndi ya basi ndi iyi, ya munda ndi ya maliro ndi iyo. Anansi athu Asilamu a kwa Tambala amachita chimodzimodzi: amapita ku ntchito potsata wotchi, koma mapemphero ao asanu amatsata kucha, kupendeka kwa dzuwa, utali wa chithunzithunzi ndi kulowa kwake.

Chimene chasintha masiku ano ndi mwini belu. Kale katekisiti ankakonza wotchi yake pomvera wailesi, ndipo mudzi unkamva nthawi kudzera m'dzanja la munthu womudziwa. Lero foni ya m'manja imalandira nthawi yokha kuchokera ku makina akutali. Apa ndi pamene chigamulo cha ku Versailles chili chofooka. Chidanena kuti malire a sekondi imodzi achoke, koma malire atsopano, kaya ndi mphindi kaya ndi ola, chidawasiyira msonkhano wa 2026. Tsiku limodzi silioza mbewa, n'zoona. Koma ngongole yosiyira adzukulu popanda kunena tsiku lobweza ndi ngongole yoiwalika.

Eklezia akuidziwa bwino ngongole yotere. Kalendala ya Julius Caesar inkaphonya ndi mphindi 11 zokha pa chaka, ndipo idasiyidwa choncho mpaka masiku 10 adaunjikana. Papa Gregorio XIII adachita kuwadula mu 1582, tsiku la 4 Okutobala n'kutsatidwa ndi la 15, ndipo maiko ena adakana kumtsata kwa zaka mazana. Pambuyo pake matchalitchi ena adasanduka malo oyezera dzuwa: Cassini adajambula mzere wa masana pansi m'tchalitchi cha San Petronio ku Bologna mu 1655, ndipo wina udajambulidwa ku Santa Maria degli Angeli ku Roma mu 1702. Komabe powerengera Pasaka Eklezia sayang'ana thambo chaka ndi chaka. Amatsata ndandanda, ndipo amayesa kuti usana ndi usiku zimalingana pa 21 Malichi nthawi zonse. Mu 2019, potsata thambo lenileni, Pasaka ikadakhala pa 24 Malichi, koma idachitika pa 21 Epulo. Mwezi wa m'ndandanda ndi woyerekeza ngati dzuwa la ku Greenwich, ndipo Eklezia amaulandira chifukwa cha umodzi. Wansembe amene amakondwerera Pasaka motere alibe pogwira pokana wotchi ya atomu.

Koma pali malo amene Eklezia salola choyerekeza. Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Liturjiya cha 1963, udalamula kuti mapemphero a maola azinenedwa pa nthawi yake yeniyeni ya tsiku, chimene pa Chilatini chimatchedwa veritas horarum: a m'mawa m'mawa, a madzulo madzulo. Ndipo lamulo la Mchezo wa Pasaka, limene kalata ya ku Roma ya 1988 idalibwereza mwamphamvu, silitchula ola. Limati mwambo wonse uchitike usiku, uyambe kutada, uthe kusanache. Apa muyeso si wotchi ya Versailles, kapena ya Zomba, kapena dzuwa la m'masamu, koma mdima wa pamalopo. Ndipo mdimawo sufika pamodzi ponseponse. Ku Mua, m'tsinde mwa mapiri, dzuwa limabisika pamene pamwamba pa Bembeke likadaoneka.

Tsono n'chodabwitsa kuti m'malo ena moto watsopano umadalitsidwa 4 koloko masana, ndipo kandulo ya Pasaka imalowa m'tchalitchi dzuwa likuwala m'mazenera, woimba n'kumatamanda usiku wodala anthu akupukuta thukuta. Kuphonya kwake si sekondi, koma maola atatu. Pa nyengo ya Pasaka dzuwa ku Dedza limalowa pakati pa 5:30 ndi 5:50, ndipo mdima weniweni umagwa cha m'ma 7 koloko. Zifukwa zimene amapereka si zopusa: wansembe ndi mmodzi, nthambi ndi zambiri, Akristu amachokera kutali, ndipo amai ndi ana sangayende m'njira za m'mapiri usiku. Zoonadi. Koma zifukwazi zimaganiziridwa pa ofesi ya parishi, pa ndandanda ya maola, pamene miphakati, imene Ambuye Patrick Kalilombe adailimbikitsa m'sinodi ya ku Lilongwe ya 1973 mpaka 1975 kuti izidziganizira yokha, siifunsidwa. Ngati pali nthawi imene anthu a pamudzi ayenera kuiyang'anira okha, ndi imeneyi.

Itafunsidwa, tikhulupirira kuti akuluakulu angakumbutse chinthu chimene woyenda pa galimoto amachiiwala. Pasaka imadza mwezi utangokhwima, pasanapite sabata. Mwezi ukakhwima umachedwerachedwera kutuluka, pafupifupi mphindi 50 usiku uliwonse. Choncho zaka zambiri chisisira cha Loweruka Loyera chimakhala cha mdima wa bii, koma kuyambira pakati pa usiku mpaka m'bandakucha mwezi umakhala uli kumwamba chaka chilichonse. Lamulo limalola mwambo kuyamba usiku kwambiri, malinga uthe kusanache. Mchezo woyamba cha m'ma 2 koloko ndi kutha isanakwane 5 koloko ungawapeze anthu akubwera ndi kuwala kwa mwezi, nabwerera kwao kukuyera, pa nthawi yomwe amadzukira masiku onse popita ku munda kapena ku msika. Kumene kuli malo ogona pa tchalitchi, ochokera kutali angafike dzuwa lisanalowe, monga amachitira pa maliro. Tsiku ndi ola zingalengezedwe potsata wotchi ya boma, kuti wansembe ndi anthu asaphonyane. Koma wosankha olalo akhale amene amayenda njirayo ndi mapazi.